Maganizo a Mkonzi: Wosewera akakhala kumwezi

Pa masewera a Olimpiki a 2016 ku Rio de Janeiro, katswiri wosambira wa ku China, Fu Yuanhui, adatuluka m'madzi nakhala chonjuta atagwira pamimba. Timu yake idathera pa nambala 4. Mtolankhani atamufunsa, iye sadabise mawu: msambo udali utayamba usiku wapitawo, ndipo thupi lidali lofooka. Anthu adadabwa ngati wanena zachilendo, chonsecho n'zimene amayi amakumana nazo mwezi ndi mwezi.

Matupi amasiyana. Paula Radcliffe adathamanga marathon ya ku Chicago mu 2002 ali kumwezi, cham'mimba chikumupotokola, koma adaphwanya rekodi ya dziko lonse. Wina tsiku ngati limenelo miyendo imalemera, msana umawawa, tulo osabwera. Amene amataya magazi ambiri ayironi amachepa m'thupi, n'kumapuma wefuwefu msanga. Chomwe chikutidetsa nkhawa kwambiri ndi mtsikana amene msambo wasiya chifukwa akuphunzira masewera molimbika koma akudya mosakwanira. Ena amaona ngati wapepukidwa, pomwe mafupa ake akufooka mwakachetechete.

Zina zayamba kusintha. Kuyambira 2023, mpikisano wa tenisi wa Wimbledon udalola amayi kuvala kabudula wamkati wakuda, chifukwa zoyera zokhazokha zinkawasowetsa mtendere. Timu ya mpira wamiyendo ya amayi ya Chelsea idayamba kukonza maphunziro a masewera ndi zakudya potsata msambo wa wosewera aliyense.

Kwathu kuno tikupempha aphunzitsi a Scorchers, a Queens ndi a matimu ang'onoang'ono omwe, ambiri mwa iwo abambo, kuti pakhale mayi womuuza zakukhosi, mapadi m'chikwama cha timu, ndi chimbudzi chotseka chokhala ndi madzi pabwalo.