CIKOTI SICINGAONGOLE MWANA WOLEMALA

Lamulo la Maphunziro la caka ca 2011 linaletsa kukwapula ana m'masukulu onse a dziko la Zambia. Komabe kumidzi kukali makolo ena amene, popereka mwana wao wosamva kapena wocedwa kugwira zinthu m'mutu, amauza mphunzitsi kuti akavuta amukwapule ndithu. Makolo otere ayenera kuuzidwa poyera kuti cikoti sicingaongole mwana amene sadziwa n'komwe cimene walakwa.

Mwana wa zaka zisanu ndi cimodzi amene satha kulankhula alibe njira yonenera kuti njala yamupweteka, kuti phokoso la anzake lamusokoneza, kapena kuti nchito imene wapatsidwa yamukulira. Cimene amacita ndi kukuwa, kuluma mnzake kapena kuthawira panja. Mphunzitsi wodziwa nchito yake sathamangira kunena kuti mwanayo ndi wamwano. Iye amayamba wayang'ana cimene cinacitika mwanayo asanayambe kuvuta, ndiponso cimene anapindula atavuta. Ngati tsiku ndi tsiku mwana amadzigwetsa pansi ndi kulira pa nthawi ya masamu, ndipo akatero amatulutsidwa panja, ndiye kuti waphunzira bwino lomwe kuti kulira ndiyo njira yothawira masamu. Mankhwala ake ndi kumucepetsera nchito, kumupatsa timiyala titatu kuti awerenge m'malo mwa makumi awiri, ndi kumuphunzitsa cizindikiro ca manja cosonyeza kuti watopa. Akapeza njira yopemphera kupuma, kudzigwetsa pansi kuja kumacepa kokha.

Ana otere amakhazikika mtima pamene tsiku liyenda monga linayendera dzulo. Zithunzi zojambulidwa pa katoni ndi kupacikidwa pa cipupa, zoonetsa kusamba m'manja, kuwerenga, kudya ndi kusewera, zimauza mwana cimene cili kubwera, ndipo sizifuna ndalama. Akacita bwino, ngakhale kungokhala pansi kwa mphindi ziwiri, ayamikiridwe pomwepo ndi kuuzidwa cimene wacita bwinoco. Ciyamikiro ca mawa mwana wamng'ono sacimva.

Nchito imeneyi si yacilendo ku Cigawo ca Kum'mawa. Pa Magwero, pafupi ndi Chipata, ndi pamene amishoni a Dutch Reformed Church anayamba kuphunzitsa ana osaona m'caka ca 1905, ndipo m'caka ca 1955 panatsegulidwa sukulu ya ana osamva. M'caka ca 1971 boma linatenga udindo wa maphunziro a ana olemala ndi kutsegula koleji ya aphunzitsi ao mu Lusaka, imene lero icedwa ZAMISE. Bvuto ndi lakuti aphunzitsi ocokera kumeneko sakwanira masukulu a kumidzi. Kucokera m'caka ca 2022, pamene boma linacotsa malipiro a sukulu, makalasi adzaza kwambiri, ndipo mphunzitsi amene ali yekha pakati pa khamu la ana sangapeze mpata wofufuza cimene cabvuta mwana mmodzi. Unduna wa Maphunziro uyenera kutumiza aphunzitsi ophunzira nchitoyi kumene kuli ana, ndi kusunga makalasi a ana olemala kuti akhale ang'ono.

Makolo naonso ali ndi mbali yao. Mwana amene kusukulu aphunzira kupempha madzi ndi manja, koma kunyumba palibe womumva, amabwerera ku kukuwa kuja. Amai, atate ndi ambuye apite kusukulu akaphunzire zizindikiro zomwezo. Ngati mwana sanagone bwino usiku, wacoka kunyumba osadya, kapena wagwa khunyu ndipo ali kumwa mankhwala a kucipatala, mphunzitsi auzidwe m'mawa womwewo asanayambe kuphunzitsa. Mafumu ndi anyakwawa, amene adziwa khomo lililonse m'midzi mwao, aone kuti ana amene akali kubisidwa m'nyumba alembedwa ku sukulu yapafupi.