Maso Obwereka

Ana anga a ku Malomo, masiku ano nkhondo ikuyenda m'thumba la malaya. Mnyamata akakhala pakhonde la golosale amaonera pafoni nyumba zikugwa ku Gaza kapena ku Ukraine, ndipo akangosuntha chala, kwatulukira wina akuvina. Maliro ndi gule zikutsatana pamphindi imodzi. Mtima wozolowera kudumpha chotere umachita dzanzi, ndipo dzanzi limeneli ine limandiopsa kuposa bodza lenilenilo.

Zinayambira m'nyumba za vidiyo za pamsika, m'mene Rambo ankagwetsa chigulu cha adani ali yekha, chipolopolo osamupeza. Mafilimu amenewo sankaonetsa mayi wa msilikali wogwayo atakhala pamphasa ya maliro. Wojambula ndiye amasankha koloza kamera, ndipo zimene wasiya kumbuyo kwake inu simudzaziona. Mwabwereka maso a munthu amene simukumudziwa dzina, ngakhalenso amene akumulipira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Maso obwereka amaphetsa. Mu 1994 ku Rwanda, wailesi ya RTLM inkatchula Atutsi kuti mphemvu tsiku ndi tsiku, mpaka anthu amene ankapalana moto anasiya kuonana ngati anthu. Diso ndilo linayamba kusinthidwa, zikwanje zinabwera pambuyo. Musati n'zakutali. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinaphetsa anthu osalakwa ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo, pomwe panalibe ndi mmodzi yemwe woonetsa umboni. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti mboni zenizeni za nkhondo tili nazo pafupi, koma sitizifunsa. Mu 1994 momwemo msasa wa anthu othawa kwawo unatsegulidwa ku Dzaleka m'boma la Dowa, pamalo amene nthawi ya Kamuzu panali ndende ya andale. Lero kuli anthu oposa 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Amenewa nkhondo anaiona ndi maso awo obadwa nawo, anamva fungo lake, anaika abale awo m'manda osakumba bwino. Ife timangowaphatikiza onse kuti maburundi. Mu 2023, apolisi akusonkhanitsa amene ankachita malonda m'matauni kuwabweza kumsasa, ena mwa ife tinaombera m'manja, manja omwewo amene amagawa zithunzi za ana olira a kutsidya kwa nyanja. Chifundo cha pagalasi sichilira ngakhale chikho cha ufa, n'chifukwa chake chachuluka.

Nkhondo siimanga mudzi, ndipo wathu uno yaukhudza kale. Mlimi wa soya ndi fodya ku Ntchisi anaimva pamtengo wa feteleza itabuka ya ku Ukraine mu 2022. Mu Januwale 2025 asilikali athu atatu anaphedwa kum'mawa kwa Congo polimbana ndi zigawenga za M23, ndipo m'makomo mwawo munalibe chala chosuntha kuti chithunzi chisinthe.

Tsono kanema akakufikani pa WhatsApp, musathamangire kumugawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Funsani kuti wajambula ndani, liti, ndipo akufuna kuti inu mudane ndi yani. Aphunzitsi ndi akulu a mpingo, ku Dzaleka kumachitika chikondwerero cha Tumaini chimene chinayamba mu 2014. Sonkhani ya galimoto, mutengere achinyamata kumeneko, akakhale pansi ndi amayi a ku Congo, awafunse mwaulemu za ulendo umene anayenda.