Tisadikire maliro kuti titchule dzina la munthu

Gawo langa lero ndi lalifupi, koma nkhani yake yandikhala pamtima sabata yonse.

Loweruka lapitali ndinapita ndi amayi ku National Air and Space Museum. Titatuluka tinayenda pang'ono mpaka ku likulu la NASA, pa E Street. Msewu wa pamenepo anautcha Hidden Figures Way mu 2019, ndipo mu 2020 analengeza kuti nyumbayo izitchedwa Mary W. Jackson. Ndinawafotokozera amayi kuti ameneyu ndi mayi woyamba wachikuda kukhala injiniya ku NASA, mu 1958. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga mwini wakeyo anaziona zimenezi?" Ndinati ayi, anamwalira mu 2005. Amayi anapukusa mutu: "Ndiye n'chimodzimodzi kwathu. Mbiri yabwino timawerenga pamaliro."

Abale anga, taganizani. Dorothy Vaughan ataona kuti makompyuta a IBM afika ku Langley, ku Hampton, anaphunzira FORTRAN n'kuphunzitsanso azimayi anzake kuti ntchito isawathere. Anamwalira mu 2008, mendulo yagolide ya Congress n'kudzaperekedwa mu 2024. Melba Roy Mouton, yemwe anaphunzira pa Howard pompano, ankatsogolera gulu lowerengera njira ya masatelaiti a Echo ku Goddard, ku Greenbelt. Anamwalira mu 1990, ndipo phiri la pamwezi linapatsidwa dzina lake mu 2022. Katherine Johnson ndiye anachitako mwayi. John Glenn anapempha kuti mayiyu atsimikizire masamu a kompyuta asananyamuke mu 1962, koma mendulo ya Pulezidenti anailandira mu 2015, ali ndi zaka 97.

Wina anena kuti kuchedwa kuli bwino kusiyana ndi kusachita konse. Zoona, sindikukana. Mwana wodutsa pa chikwangwani chija amafunsa kuti ameneyu ndani, ndipo funso limenelo ndi phindu. Koma tinene chilungamo, kulemekeza malemu n'kosavuta. Safuna malipiro, safuna kukwezedwa, sapikisana nawe. Wamoyo ndiye amavuta, chifukwa kuti iye aoneke, iwe uyenera kusendera pang'ono. Mary Jackson mwini wake ankazidziwa zimenezi. Mu 1979 anasiya uinjiniya n'kutenga udindo wotsikirapo, kuti azithandiza azimayi ena kulembedwa ntchito ndi kukwezedwa ku Langley.

Tsopano ndiulule. Ine ndimalemba mapulogalamu. Miyezi ingapo yapitayo tinali pafupi kutulutsa ntchito yomwe ndinailemba, ndiye mayi wina yemwe amayesa code yathu anapeza vuto pa kawerengedwe ka masiku. Zikanatuluka choncho, anthu akanalandira mabilu olakwika. Anakhala mpaka usiku kundionetsa pomwe zasokonekera. M'mawa mwake pamsonkhano bwana anayamikira ine, dzina langa lokha. Ine zii. Ndinamwetulira basi. Mu Git dzina lomwe limaoneka ndi la wolemba, osati la amene anakupulumutsa. Mayiyu si wa ku NASA, koma kachitidwe kake ndi komweko: mutu umodzi susenza denga, koma pojambula chithunzi mumaoneka mutu umodzi.

Lolemba ndinalemba imelo kwa gulu lonse, n'kufotokoza zomwe anachita, ndi dzina lake pamwamba. Zinanditengera mphindi zisanu. Manyazi ndiwo ananditengera miyezi.

Ndiye pempho langa ndi ili. Pitani mukaone chikwangwanicho, mutenge ndi ana omwe. Koma pobwerera ganizirani munthu mmodzi wamoyo amene ntchito yake mwaimapo: mnzanu wa kuofesi, mphunzitsi wa masamu, kapena kholo lomwe linkagwira mashifiti ausiku kuti inu mupeze digiri. Mutchuleni dzina pagulu, iye akumva. Ine ndinayamba ndi amayi, tili mu Metro pobwerera. Anandiyankha kuti ndisiye zachibwana, koma anandigwira dzanja mpaka potsikira.