Siku imodzi chabe mu Rome? Osathamangila vonse

Ku nchito bakutumani ku workshop ku Italy, olo mwayenda na gulu ya ku chalichi, ndipo mwasala na siku imodzi chabe mu Rome, ndeke inyamuka usiku. Visa ya Schengen munaivutikila maningi, kaya ngati muzapondako futi. Manje muzachita bwanji kuti musabwele ku komboni na mapikicha ya pa airport yekayeka?

Choyamba, vomelani kuti vonse simungavione. Vatican Museums, kwamene kuli Sistine Chapel, ingakudyeleni maola 3 olo 4 payeka. Isiyeni. Malo yanayi yakwana, ndipo yonse mungayafike na mendo.

Chikwama siyani pa Termini, station ikulu, pali posungila katundu polipila. Kwelani Metro A, museluke pa Ottaviano, mufike pa St Peter's Basilica kuseniseni. Bamasegula 07:00, kungena ni mahala, koma mukachedwa muzapeza mzele wazungulila bwalo. Mapewa na nkongono vifunika kuvinikila, apo ayi bazakubwezani pa khomo. Ba sisi, chitenge mu handbag chizakupulumusani. Mukangena, yang'anani ku manja: ndiye Pietà ija Michelangelo anasiliza kusema mu 1499. Koma ngati ni pa Chitatu, yambilani kwina, chifukwa kuseni Papa amakumana na bantu ndipo chalichi nthawi zambili chimankala chovala mpaka masana.

Kuchoka apo yendani pansi, mupite pa Castel Sant'Angelo, muoloke mumana wa Tiber mpaka ku Pantheon. Ni mphindi monga 30. Nyumba iyi inamangiwa nthawi ya mfumu Hadrian, pafupifupi zaka 1,900 kumbuyo, ndipo mutenje wake wa konkili ukali nganganga. Pakati pali chibowo cha mamita 9, mvula ikagwa imangena mukati. Kuyambila 2023 bamalipilisa kungena.

Mphindi 10 kuchoka apo ni Trevi Fountain, inasila kumangiwa mu 1762. Bantu bamaponya makobili mu manzi ati kuti bakabwelele ku Rome. Ndalama zija sizisoba, zimayenda ku Caritas kuthandiza bovutika. Jambulani, pitilizani.

Posiliza ni Colosseum, inasegulidwa mu chaka cha 80, ndipo munali kunkala bantu monga 50,000 kutamba nkhondo za ma gladiator. Tiketi gulani pa intaneti mukalibe kunyamuka ku Lusaka, chifukwa imankala na zina yanu na nthawi yongenela. Ngati mulibe, osataya maola pa mzele. Kunja kwake nako kumakwana.

Pa vakudya, osankala pa tebulo pafupi na malo ya matourist, euro siseka na kwacha. Gulani pizza al taglio, ija bamadula na kupima pa sikelo, mudye choimilila. Khofi nayo imachipa mukamwela pa kaunta. Manzi osagula: mu misewu muli mapompi bamayaitana nasoni, manzi yake ni yabwino kumwa, ni kutapa chabe mu botolo.

Foni igwileni mwamene mumaigwilila mu town pa month end, makamaka mu Metro na mu basi namba 64. Wina akakumangani kachibangili pa kwanja ati "my brother", kanani pamene apo, chifukwa chosatila ni kupempha ndalama.

Manje nkhani ikulu ni iyi: pimani nthawi kuyambila ku ndeke kubwelela kumbuyo. Ngati inyamuka 23:00, pa Fiumicino mufunika kufika 20:00. Kuchoka pa Colosseo kufika Termini ni ma stop yabili pa Metro B, ndipo sitima ya Leonardo Express imatenga mphindi 32. Ikilani nthawi yotenga chikwama, ndiye kuti 18:00 ikakwana, olo malo yawame bwanji, nyamukani. Tiketi ina ya ku Lusaka palibe azakugulilani.