Chilwa sidzapulumukira pa Kachulu

Chaka chilichonse, pa 2 February, dziko lonse limakumbukira tsiku la madambo, ndipo kwathu kuno tsikuli likafika dzina la nyanja ya Chilwa silichoka pakamwa. Timanyadira kuti inali yoyamba m'Malawi kulowa m'kaundula wa pangano la Ramsar, komanso kuti mu 2006 bungwe la UNESCO linaiika pagulu la malo ofunika kusamalidwa mwapadera. Zonsezo n'zoona. Koma amene waima pa mlatho wa Likangala mu Zomba mvula itangokata waona okha madziwo: ofiira, olemera ndi dothi la m'minda ya anthu, akuthamangira kunyanja.

Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chimene mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe, Namadzi ndi Phalombe yanyamula chimathera momwemo, ndipo nyanja yosaya kaleyo ikukwiririka. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato a pa doko la Kachulu anatsala gwaa pamatope ong'aluka. Matemba, milamba ndi makumba zinabwereranso chifukwa mbewu yake inabisala m'maiwe a mitsinje ndi m'mathiriro, m'kati mwa njedza. Malo obisalirawo ndi amene lero akutha ndi khasu, moto ndi mchenga wotsika kumapiri.

Sitikuloza chala mlimi wa dimba. Munthu amene munda wake watha n'kugawagawa adzalima mpaka pagombe penipeni, ndipo kumuopseza ndi chindapusa sikungamudyetsere ana. Chofunika n'chakuti malo a m'mbali mwa mitsinjeyi, kuyambira m'phiri la Zomba mpaka pomwe imathirira, akhale ndi wowayang'anira wokhazikika: bungwe la matrasti lokhala ndi thumba la ndalama losadalira pulojekiti ya zaka zitatu. Si zachilendo. Ku phiri la Mulanje kuli Mulanje Mountain Conservation Trust, yomwe inakhazikitsidwa ndi thumba lotere.

Apa pafunika kuyenda mosamala. Malo ambiri m'chigwachi ali m'manja mwa mafumu ndi mabanja, ndipo mawu akuti kugula malo amadzutsa mabala; anthu a ku Thyolo ndi Mulanje angatiuze. Bungwelo lisalande kapena kugula. Ligwirizane ndi mafumu ndi makomiti a malo, pachikalata, kuti mzere wa m'mbali mwa mtsinje usiyidwe, ndipo banja lousiya lizilandira kanthu chaka chilichonse. Asodzi, osaka mbalame ndi alimi a mpunga a pa sikimu za Domasi ndi Likangala akhale pa mpando wa matrasti, asamangoitanidwa kudzaomba m'manja.

Chotikwiyitsa ndi chomwe takhala tikudandaula pa tsamba lino. Nyengo yobzala mitengo ikafika, magalimoto amandandalika, wolemekezeka amathirira kambande kamodzi makamera akujambula, gule n'kutha. Pofika mwezi wa October mbuzi ndi moto zamaliza ntchito, ndipo palibe wobwerera kukawerenga yomwe yapulumuka. Ndondomeko zosamalira chigwa cha Chilwa zalembedwa zokwanira, zina m'mahotela momwe chachikulu chimakhala ma alawansi. Zikuola m'makabati. Pamene zikuola, matumba a makala akudutsa pa ma rodibuloko usana dzuwa likuswa mtengo. Inu akuluakulu a boma, msodzi mumamutsekera nyanja n'kumulanda khoka kuti nsomba ziswane, koma wometa phiri lomwe limamwetsa nyanjayo amadutsa akukuimikirani dzanja. N'zamanyazi, ndipo mukudziwa.

Makhonsolo a Zomba, Machinga ndi Phalombe, pamodzi ndi aphungu a maderawa, atiuze tsiku lomwe akhale pansi ndi mafumu, mtsinje womwe ayambire, ndi ndalama zomwe ayike m'thumbalo pa bajeti ikubwerayi. Mayankhowo tidzawasindikiza pa tsamba loyamba, ndipo akapanda kubwera tidzasindikiza mayina a omwe sanayankhe.