ZA KU MUNDA: Adani ndi Abwenzi a Pansi pa Nthaka

Mwezi uno tiyeni tipite ku Mhuju, m'chigwa cha Henga, m'boma la Rumphi, kumene mabanja ambiri amadalira fodya kuti apeze ndalama za sukulu, zovala ndi chopereka cha ku mpingo. Kumeneko, monganso m'madera ena, mlimi amatha kuthira feteleza mokwanira, mvula n'kugwa bwino, koma fodya kapena matimati n'kumafota dzuŵa likakwera. Ena amafulumira kuganizira mnansi kuti waloza munda. Musanatero, zulani mbewu imodzi muone mizu yake.

Mukapeza mizu yotupatupa, dziŵani kuti mwaloŵa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso, totchedwa manematodi. Timaboola muzu ndi kuyamwa chakudya, ndipo kamodzi kakakazi kamaikira mazira mazanamazana. Koma musasokoneze zotupazi ndi timibulu ta pa mizu ya mtedza ndi nyemba timene timalemeretsa nthaka. Timibulu tabwinoto timathothoka mukatikhudza ndi chala, pamene chotupa cha nyongolotsi ndi muzu womwewo umene wafufuma.

Kale alimi ankafukiza nazale za fodya ndi mankhwala a methyl bromide. Mankhwalaŵa anapezeka kuti amawononga mpweya wa kumwamba umene umatitchinjiriza ku ukali wa dzuŵa, ndipo potsata pangano la ku Montreal la 1987, dziko la Malaŵi linaŵasiya pomafika kumapeto kwa 2004.

Komatu Mlengi anaika kale alonda m'nthaka momwemo. Awa ndi tibowa tating'ono, abale ake a nkhungu imene timaiona pa nsima yogona. Kena, kotchedwa Arthrobotrys, kamatchera misampha yonga khwekhwe ndi kukola nyongolotsi. Kena, Purpureocillium lilacinum, kamaloŵa m'mazira ndi kuŵadya asanaswe. Akatswiri ofufuza za mbatatesi ku Peru anaona zimenezi cha m'ma 1979. Kenanso, Trichoderma, kamakuta mizu ndi kuithandiza kulimbana ndi matenda.

Tisanamizane, tibowati sitimaliza nyongolotsi zonse tsiku limodzi. Ndi zamoyo, choncho timafuna chinyontho ndi chakudya, ndipo timafa ndi moto ndi dzuŵa. Motero thirani manyowa owola bwino, lekani kutentha mapesi, ndipo musabwereze fodya pa malo amodzi chaka ndi chaka. Sinthanitsani ndi chimanga kapena udzu wa Katambora, ndipo musaokere mbande za mizu yotupa. Wina akakugulitsani tibowati m'paketi, yambani mwafunsa mlangizi wa zaulimi, pakuti tikasungidwa pa malo otentha timafa.

Inu achinyamata, Adamu anaikidwa m'munda kuti aulime, komanso kuti ausunge. Tengani khasu Loŵeruka lino, muzule mbewu yofota, muonetse makolo anu mizu yake. Mwina mudzapulumutsa munda, ndiponso mudzachotsa chidani pakati pa abale a mumpingo umodzi.