Mayeso a alangizi osamalira ana ku England: phunziro ku mayiko a kum'mwera kwa Africa

Mu Januwale 2022 boma la Britain lidalengeza kuti lathetsa ndondomeko yoyesa luso la alangizi osamalira ana ndi mabanja ku England, zaka zinayi zisanakwane chiyambire mayesowo. Ndondomekoyi, yomwe inkadziwika mwachidule kuti NAAS, idadya ndalama zoposa mapaundi 20 miliyoni, koma alangizi amene adayesedwa sadafike 2,000 mwa alangizi pafupifupi 30,000 a m'makhonsolo a dzikolo.

Nkhaniyi ikukhudza chigawo cha kum'mwera kwa Africa pa zifukwa ziwiri. Choyamba, alangizi ambiri amene adaphunzira ku Zimbabwe ndi ku South Africa akugwira ntchito m'makhonsolo a ku England. Chachiwiri, mayiko ena a m'chigawo chino ali ndi malamulo awoawo olembetsa alangizi, ndipo funso lomwe lidasautsa Angerezi silingawalambalale: kodi tingatsimikize bwanji kuti munthu amene mawu ake angachititse khoti kulanda mwana m'manja mwa makolo ake akuidziwa bwino ntchito yake?

Ganizo la mayeso lidabadwa m'chisoni. Mu Febuluwale 2000 mtsikana wa zaka 8, Victoria Climbié, wobadwira ku Ivory Coast, adamwalira mumzinda wa London atazunzidwa ndi omwe ankamulera. Lipoti la Lord Laming la mu 2003 lidapeza kuti maofesi osamalira anthu, apolisi ndi zipatala ankamudziwa mwanayo, koma adalephera kumupulumutsa. Mu 2007 kamwana ka miyezi 17, Peter Connelly, kadamwaliranso m'dera lomwelo la Haringey, ngakhale akuluakulu osiyanasiyana adakaona maulendo pafupifupi 60.

Pofuna kubwezeretsa chikhulupiriro cha anthu, boma lidasankha Isabelle Trowler mu 2013 kukhala mkulu wa alangizi a ana ndi mabanja. Chaka chotsatira iye adatulutsa mndandanda wa zinthu zimene mlangizi aliyense ayenera kudziwa ndi kutha kuchita, ndipo nduna ya zamaphunziro, Nicky Morgan, idalengeza kuti kudzakhala mayeso. Lamulo lopereka mphamvu zoyesa alangizi lidavomerezedwa mu 2017, ndipo mayeso adayamba mu 2018 m'makhonsolo asanu a kumpoto kwa England, kuphatikizapo Leeds ndi Manchester.

Mayesowo sadali wamba. Mlangizi ankayamba wavomerezedwa ndi khonsolo yake kuti ndi wokonzeka. Kenaka ankayankha mafunso pa kompyuta okhudza malamulo, kakulidwe ka mwana ndi zizindikiro za nkhanza. Atatero ankalowa m'chipinda momwe anthu azisudzo ankakhala ngati mayi wokwiya, bambo wobisa chilungamo kapena mwana wamantha, woyesa ali phee kumvetsera. Pomaliza ankafotokoza chifukwa chomwe adachitira zimene adachita, ndi kulemba lipoti la banjalo.

Ubwino wa njirayi ndi woonekeratu. Digiri imasonyeza kuti munthu adawerenga, pamene sewero lotere limasonyeza ngati angathe kufunsa funso lopweteka popanda kunyoza kholo, ndiponso ngati angazindikire pamene mwana akulankhula ndi maso pakamwa pali chete.

Nanga idagwa chifukwa chiyani? Vuto loyamba lidali lakuti mayesowo sadali okakamiza. Wokhoza sankatsimikiziridwa kukwezedwa pantchito, ndipo wosayesedwa ankapitiriza kugwira ntchito yake. Chilolezo chenicheni chidali kwina: aliyense amayenera kulembetsa ku bungwe loyang'anira alangizi, lomwe kuyambira mu Disembala 2019 ndi Social Work England. Motero ambiri adaona mayesowo ngati katundu wongowonjezera pamutu.

Vuto lachiwiri lidali mantha. Mabungwe oimira alangizi, monga BASW ndi Unison, adadandaula kuti mayeso akuloza chala munthu mmodzi pamene gwero la zolakwa ndi kuchepa kwa antchito ndi ndalama. Dandauloli lidali ndi maziko. Mlangizi wa Victoria Climbié adali wongoyamba kumene, wosenza mabanja ambiri, wopanda womuunikira mokwanira. Mu 2011 Pulofesa Eileen Munro adachenjeza kuti alangizi akutha nthawi yambiri akudzaza mafomu m'malo mocheza ndi ana. Pofika mu 2022, malo amodzi mwa malo asanu aliwonse a alangizi a ana ku England adali opanda munthu wolembedwa mokhazikika.

Vuto lachitatu lidali mtengo. Kulipira zipinda, oyesa ndi azisudzo kudali kodula, ndipo mliri wa Covid-19 udaimitsa mayesowo mu 2020. Mu Meyi 2022 lipoti la Josh MacAlister lidalimbikitsa njira ina: kuti mlangizi aziphunzira ndi kuunikidwa ali pantchito kwa zaka zisanu zoyambirira, malipiro akukwera mogwirizana ndi luso.

M'chigawo chino maziko alipo kale. South Africa ili ndi khonsolo yolembetsa alangizi pansi pa lamulo la mu 1978, Zimbabwe idakhazikitsa yake ndi lamulo la mu 2001, ndipo Zambia idavomereza lamulo la bungwe la alangizi mu 2022, chaka chomwe idapanganso lamulo latsopano la ana. Ku Malawi lamulo la mu 2010 losamalira ndi kuteteza ana limapereka udindo waukulu kwa alangizi a m'maboma, amene ambiri adaphunzira ku koleji ya Magomero.

Koma mayikowa akukumana ndi mbali ina ya vuto lomwelo. Mipata imene ili m'makhonsolo a ku England imakoka alangizi odziwa ntchito a kuno, amene ndi omwe akadaphunzitsa achinyamata ongotuluka kumene m'sukulu. Dziko likataya anthu otere, limataya oyesa ake enieni.

Zimene zidachitika ku England zikusonyeza kuti kuyesa luso n'kofunika, koma kuli ndi malo ake. Boma liyambe ladziwa amene akugwira ntchitoyi powalembetsa onse. Lionetsetse kuti wongoyamba ali ndi mkulu womuperekeza m'makomo ndi kuwerenga malipoti ake, komanso kuti chiwerengero cha mabanja m'manja mwake n'chotheka. Likatero, satifiketi ya luso ibwere ndi udindo ndi malipiro ooneka. Mayeso angatsimikize kuti mlangizi amadziwa kumvetsera mwana, koma nthawi yokhala pansi ndi mwanayo imachokera mu bajeti ya boma.